Inu ofuna mtsikana wolera mwana, ndi inu atsikana ofuna kupita: tikambirane kaye

Lero za mtengo wa soya ndi za anankafumbwe tiziike kaye pambali. Nkhani ya lero ndi yaitali, nde amene bandulo yanu ndi yoperewera muwerenge modukiza, koma mumalize, chifukwa ikukhudza ana athu, a kuno ndi a uko omwe.

Chaka chilichonse chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mafoni a m'tauni amachuluka. Moni wake amakhala waufupi: "Malume, kumudzi kwacha bwanji? Mwakolola?" Usanamalize kuyankha, nkhani yeniyeni yatuluka kale: "Tipezereni kamtsikana kolera mwana, kaulemu, kosachenjeretsa." Nawo atsikana a kuno, makamaka amene adalekezera sitandade 8 kapena folomu 2 chifukwa cha fizi, amabwera madzulo kudzakhala pakhonde: "Malume, mukamva za ntchito ku Lilongwe mundiuzeko." Ndiye ife eni mbumba timakhala pakati ngati mlatho. Zikayenda bwino palibe amatikumbuka, koma zikavuta chala chimaloza ife.

Ine nkhaniyi ndimaiona mbali zonse ziwiri. Mwana wanga wachiwiri adagwira ntchito yolera ana zaka zisanu ku Lilongwe. Mwana wa mlongo wanga adaigwiranso ku Blantyre. Komanso mwana wanga wamwamuna amene ali m'tauni, iye ndi apongozi anga onse amapita kuntchito, ndipo mdzukulu wanga amaswera m'manja mwa mtsikana wa eni ake. Choncho sindikunyoza a m'tauni, sindikuikiranso kumbuyo a kumudzi. Ntchito yolera mwana ndi ntchito yabwino, ndipo imathandiza mabanja awiri nthawi imodzi. Chimaiononga ndi chakuti timailowa osapangana.

Ndiyambe ndi mawu aja akuti "kosachenjeretsa". Nthawi zambiri munthu akatero amatanthauza kamwana kakang'ono kamene sikadzafunsa malipiro, sikadzayankha, ndiponso sikadziwa njira ya kudepoti. Ine wa zaka 13 kapena 14 sindimupereka, olo mutandilonjeza feteleza wa munda wonse. Mu 2017 malamulo a dziko lino adasinthidwa, ndipo tsopano aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chitupa cha unzika chilipo, zaka zimaoneka pamenepo, palibe zoti "koma ngwamkulu thupi". Ndipo inu a m'tauni taganizani. Lamulo la ntchito limapatsa mayi wobereka holide yosachepera masabata asanu ndi atatu, kutanthauza kuti ambiri mumabwerera kuntchito khanda lili ndi miyezi iwiri kapena itatu, khosi lisanalimbe. Khanda limenelo mukufuna kulisiya tsiku lonse ndi mwana amene dzulo lomweli amasewera fulaye pabwalo? Likatsamwa adzatani? Likatentha thupi adzadziwa bwanji? Mwana sangalere mwana mnzake.

Pali enanso amati, "Tidzamulowetsa sukulu konkuno." Mawu okoma zedi, ndipo alipo ochepa amene amachitadi. Koma mungofunsa mafunso awiri: sukulu yake iti, nanga iye akakhala m'kalasi khandalo lidzatsala ndi ndani? Mukamva kuti "tidzaona zikamayenda", dziwani kuti sukulu kulibeko. Ngati mukufuna kuphunzitsa mwana wa m'bale wanu, mutengeni ngati mwana wasukulu, ndipo wolera khanda mufune wina. Zinthu ziwirizi sizikwanira pa msana umodzi.

Tsono za ntchito yeniyeniyo. Kuno kumudzi munthu akabwera kudzafuna ganyu, timapita naye kumunda, timamulozera ndime, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa mango, timapangana mtengo, khasu lisanagwe pansi. Palibe amayamba kupalira asanamve ndalama zake. Nanga bwanji mwana wathu akwera basi ulendo wa tsiku lonse osadziwa ndime yake? Pafoni amati "kungolera mwana basi". Akafika apeza kuti adzuka 4 koloko m'bandakucha, asese, akolope, atenthetse madzi osamba a nyumba yonse, aperekeze ana awiri kusukulu khanda lili kumsana, achape zovala za anthu asanu ndi awiri, aphike nsima, adyetse nkhuku za bizinesi, madzulo akakhale pamsewu ndi beseni la mandasi. Ameneyo salinso wolera mwana, wasanduka antchito atatu pa malipiro a mmodzi. Sindikuti wolera mwana asagwire tsache ayi, m'nyumba timathandizana. Koma nenani zonse poyamba, kuti ana alipo angati, a zaka zingati, kuphika ndi kuchapa ndi kwa ndani, kuti munthu avomere akudziwa. Ndipo mudziwe kuti ntchito zikachuluka amene amavutika ndi khanda lanu lomwelo, chifukwa manja ndi awiri okha.

Ndalama ndi pamene pagona mlandu waukulu. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a ogwira ntchito zapakhomo. Mu 2024 adali K52,000 pamwezi, mu 2025 adakwera kufika K72,800, ndipo amasintha zinthu zikamakwera, nde funsani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu musanapangane. Ndikudziwa ena a inu mwati, "Aaa malume, ife tomwe timalandira zingati?" Zoona, m'tauni zinthu zathina, lendi, madzi, magetsi, makala. Koma ngati simungakwanitse, nenani chilungamo poyera, kapena funani njira ina, monga kuitana agogo kwa miyezi ingapo kapena kupangana ndi mayi wapafupi woti azibwera masana okha. Chosayenera ndi kulonjeza ndalama imene mulibe. Ndipo zoti "koma amadya kwathu, amagona kwathu" musamazichulutse. Amagona kwanu chifukwa inu mukufuna kuti khanda likalira usiku akhale pafupi.

Mawu amene ndimadana nawo kwambiri ndi awa: "Ndalama zake tikumusungira, tidzamupatsa pamodzi popita kumudzi." Amene tidaonako moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya tikudziwa mathero a mawu amenewa. Munthu amagwira chaka chonse, pa tsiku lowerengera amapezeka kuti ndi iyeyo ali ndi ngongole. Mwana wa mlongo wanga zidamuchitikira choncho. Adagwira chaka ndi miyezi iwiri pa nyumba ina, osagwirako ndalama m'manja. Tsiku lochoka mayi a nyumba adatulutsa kope: mbale zitatu zosweka, malaya a bambo opsa ndi simbi, chitenje chimene adamugulira pa Khirisimasi, sopo, mafuta odzola, mpaka panado wa tsiku limene adadwala mutu. Adafika kuno ndi ndalama ya basi ndi jumbo ya zovala zakutha. Mayi ake adalira ngati kwagwa maliro. Chonde, malipiro apatsidwe mwezi ndi mwezi, pa tsiku lodziwika, kwa mwini wake. Njira yabwino ndi ya Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa uthenga umatsala pafoni ngati mboni ya mbali zonse. SIM ikhale ya dzina la mtsikanayo, nambala yachinsinsi aidziwe yekha.

Ndipo zonse mwapanganazo zilembeni. Sizifuna loya ayi. Pepala la m'kope la sukulu ndi lokwanira: maina, tsiku loyamba ntchito, ntchito zake, malipiro, tsiku lolandira, tsiku lopuma, ndi amene adzalipire basi yobwerera. Asaine onse awiri ndi mboni, wina ajambule pafoni atumize kumudzi. Ena amati kulemba pepala pachibale ndi kusakhulupirirana. Ine ndimati pepalalo ndi limene limasunga chibale. Milandu yambiri imene timakambirana pansi pa mtengo kwa a mfumu imayamba ndi "ine ndidamva zakuti", wina "ayi ine ndidati zakuti".

Kupuma nakonso mukuike pa pepalapo. Lamulo la ntchito la 2000 limanena za maola 48 pa sabata ndi tsiku limodzi lopuma, komanso holide yolipidwa ya masiku 18 pachaka kwa amene amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Tonse tikudziwa kuti m'nyumba mwa munthu palibe belu lowerukira, koma tsiku limodzi lokha mupatseni. Apite kutchalitchi kapena kumzikiti, akaone m'bale wake, achape zovala zake, agone. Ngakhale ng'ombe ya pangolo timaimasula goli dzuwa likakwera. Munthu wotopa ndi amene amaiwala ketulo pamoto, ndi amene amakalipira mwana. Kumudzi kukagwa maliro a m'bale wake weniweni, muloleni apite, ndipo musamubisire uthenga mpaka Loweruka poopa kuti mujomba kuntchito. Zimenezo munthu saiwala moyo wake wonse.

Tsopano nditembenukire kwa inu atsikana, chifukwa nanunso muli ndi zanu. A m'tauni akamadandaula sikuti nthawi zonse akunama. Alipo atsikana amene amathawa m'mawa eni ake ali kuntchito, khanda kulitsekera m'nyumba lokha. Alipo amene amatsina ana, amene amatola za eni, amene amaswera pafoni mwana akudya dothi panja. Mmodzi akatero, mudzi wonse umaipa dzina, ndipo mnzako wakhalidwe labwino amavutika kupeza malo.

Iwe mwana wanga, dziwa kuti chimene akupatsa m'manjamo ndi chinthu chodula kuposa galimoto ndi nyumba yawo yomwe. Ntchito yako yoyamba ndi maso. Mwana wokwawa amathamanga kuposa mmene ukuganizira. Mbaula ya moto, ketulo ya madzi otentha, poto wa phala, zonsezi zikhale kutali ndi iye. Ndowa kapena beseni la madzi usalisiye pansi mwana ali pafupi, chifukwa mwana wamng'ono amamira ngakhale m'madzi ochepa, ndipo samakuwa. Parafini wa m'botolo la zakumwa, mankhwala a makoswe, mapiritsi a agogo, uziike pamwamba. M'tauni mulinso magetsi, ana amakonda kulowetsa zala ndi misomali m'mabowo a pakhoma aja. Ukamachapa kapena kuphika, bola kumubereka kumsana kapena kumukhazika pamene ukumuona.

Za chakudya, tsata zimene mayi ake akuuza, osati zimene udaona kwanu. A zaumoyo amati mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi azingoyamwa basi, nde ngati mayi wasiya mkaka wofinya, mupatse womwewo. Usamuonjezere phala kapena madzi chifukwa choti akulira. Samba m'manja ndi sopo usanamudyetse komanso ukamusintha thewera. Mwana akatentha thupi, akakana kuyamwa, akamatsegula m'mimba, akamapuma mofulumira kapena akakomoka, imba foni nthawi yomweyo, usadikire kuti abwere madzulo. Usamumwetse mankhwala alionse amene sadakuuze, makamaka aja ena amapatsa ana kuti agone iwo apeze mpata. Amenewo akhoza kupha. Khanda likalira mpaka mutu wako kuzungulira, usaligwedeze mwaukali, ubongo wake ndi wanthete. Ligoneke pabwino, tuluka pakhomo, upume pang'ono, ubwerere.

Ndipo mwana akagwa, nena. Ichi ndikubwereza: nena. Ana amagwa ngakhale m'manja mwa mayi awo owabereka. Kukalipiridwa kwa tsiku limodzi sikupha, koma kubisa kuti mwana adamenyetsa mutu pasimenti kukhoza kutengera mwanayo kumanda, iwe kundende. Chimodzimodzi ukaswa mbale kapena kupsereza ndiwo. Mabwana ambiri amapirira wantchito wolakwitsa, koma wabodza samusunga.

Zinthu za m'nyumba za m'tauni zambiri udzakhala usanazionepo: mbaula ya magetsi kapena ya gasi, simbi ya magetsi, firiji, chimbudzi chamadzi. Palibe manyazi kufunsa, safunsa adadya phula. Ndalama ukaipeza patebulo kapena m'thumba la buluku pochapa, ipereke ngakhale ndi K200, chifukwa ena amaisiya dala kuti akuone mtima. Zovala ndi mafuta a mayi a nyumba si zako. Alendo ako asalowe eni ake kulibe, ndipo mwana usamupereke kwa munthu aliyense, olo atanena kuti ndi azakhali ake, usanaimbire makolo ake. Zithunzi za mwana wa eni usaziponye pa Facebook kapena TikTok. Za m'nyumba zisiye m'nyumba. Kumpopi ndi kumsika kuli amayi amene adzakukomera kuti uwauze zimene bambo ndi mayi amakangana usiku, ndipo mawa mawu ako omwewo adzakupeza pakhomo.

Pali nkhani ina imene anthu amaopa kuitchula, koma ine ndiitchula chifukwa ndakula. M'nyumba zina bambo, kapena mnyamata wamkulu wa pakhomo, kapena mlamu wongokhala, amayamba kugogoda usiku kapena kubwerera masana mayi ali kuntchito. Amayamba ndi timphatso, mayunitsi, "usawauze mayi ako". Mwana wanga, kana tsiku loyamba lomwelo, ndipo uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira. Mimba ikaoneka, wolonjeza uja adzakhala woyamba kunena kuti sakukudziwa, ndipo amene adzakwere basi usiku ndiwe. Wina akakugwira mokakamiza, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, sizokambirana pabanja ayi. Pa polisi pali ofesi ya Victim Support Unit, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ndi achinyamata. Thamangiranso kuchipatala msanga, asanathe masiku atatu, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo amagwira ntchito akayambidwa mkati mwa maola 72. Chifukwa chake ndimati mtsikana aliyense akhale ndi zinthu zitatu zimene sizichoka m'manja mwake: chitupa chake cha unzika, ndalama ya basi yobwerera yobisa pabwino, ndi manambala awiri a foni oloweza pamtima. Bwana akafuna chitupa, achite fotokope, chenichenicho abweze. Inu amayi a m'tauni, mtsikana akakuuzani zotere, musathamangire kumutcha hule. Ndipo mupatseni pogona pamene pali chitseko chotsekeka, osati pabalaza pamene aliyense amadutsa.

Za mawa lako uziganize kuyambira mwezi woyamba. Ntchito iyi ili ngati dimba la m'chilimwe, imathandiza koma ili ndi nyengo yake. Ana amakula, amayamba sukulu, mabwana amasamutsidwa. Mwana wanga uja adapeza nyumba ya anthu oopa Mulungu, aphunzitsi onse awiri. Sankalandira zambiri, koma ankalandira pa tsiku lake. Ndalamazo ankazigawa patatu: zake zogwiritsa, zothandiza kuno, ndi zosakhudza. Zosakhudzazo chaka choyamba zidagula mbuzi ziwiri, zimene ndidamusungira m'khola mwangamu. Mayi a nyumba ankamulola kupita kwa telala wina Loweruka masana kukaphunzira kusoka. Pochoka adali ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri, adagulitsapo zina n'kugula makina osokera. Lero amasoka mayunifolomu a sukulu pa tredingi yathuyi, ndipo ana aja adawalera amamuimbirabe foni, amati "anti". Patchuthi china adabwera kuno kudzadya mondokwa. Sindikunena izi modzitama ayi, ndikufuna muone kuti zimatheka mbali zonse zikachita chilungamo.

Njira si ya makina yokha. Ena amapitiriza sukulu ya masana mpaka kulemba mayeso a folomu 4. Ena amalowa banki m'khonde ndi amayi a m'dera limene akukhala. Ena amaikonda ntchito ya ana yomweyi n'kukhala akatswiri, amakagwira kusukulu za mkombaphala kapena m'nyumba zolipira bwino. Amene amakwera choncho ndi amene amaphunzira kanthu pa nyumba iliyonse: kuphika zakudya zosiyanasiyana, kuwerenga buku la kusikelo, kuthandiza mwana homuweki, kachizungu pang'ono. Ndipo amachoka bwino. Ukafuna kusiya, nena mwezi umodzi usanachoke, kuti eni ake apeze wina. Pempha kalata yaumboni yonena kuti udagwira nthawi yakuti ndipo udali wokhulupirika, yokhala ndi nambala yawo ya foni. M'tauni ntchito zabwino zimayenda pakamwa, mayi amauza mnzake kuofesi kapena kutchalitchi. Kakalata kameneko ndi satifiketi yako.

Ife makolo a kumudzi tisadzipatule, chifukwa nthawi zina amene amadya thukuta la mwana ndife tomwe. Mwana asanafike n'komwe, tayamba kale kuimbira bwana kuti atitumizire malipiro a miyezi itatu tigule feteleza. Mukatero mwamumanga mwanayo chingwe, ngakhale azunzidwe sangachoke chifukwa ali pa ngongole imene sadadye. Ena pa 28 paliponse foni: sopo watha, mchere watha, mlongo wako akufuna nsapato. Athandize, inde, ndi mwana wathu, koma atsale ndi kanthu. Apo ayi adzabwera patatha zaka zinayi ndi chikwama chomwe adapita nacho. Ndiponso musapereke mwana kwa munthu amene simukudziwa kumene amakhala. Wina wa pabanja amuperekeze, aone nyumbayo ndi maso, adziwe eliya ndi njira yake. Muziimba kamodzi pa sabata, mulankhule ndi mwanayo payekha. Mwana akangoyankha kuti "eya, eya, ayi" dziwani kuti pali munthu waima pambali pake, mudzaimbenso nthawi ina.

Chenjeraninso ndi aja amabwera ndi nkhani za ntchito zakunja, amati pasipoti ndi tikiti ya ndege tikulipirira, ukalandira madola. Mudamva za amayi a kuno kwathu amene adapita ku Oman kukagwira ntchito zapakhomo, nkhani yawo idaulutsidwa ndi BBC mu 2024. Atafika adalandidwa mapasipoti, ena ankagwira usana ndi usiku, ena kumenyedwa, ndipo kubwerera kudali kovuta zedi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu, ndipo munthu wonyengerera ena ndi ntchito zabodza amamangidwa. Wina akakuuzani kuti "musauze anthu, angakuchitireni nsanje", yambani mwakafunsa ku ofesi ya leba kapena kupolisi. Za ku Joni nazonso, wopita wopanda mapepala akaberedwa malipiro amaopa kukadandaula.

Ndimalize ndi inu abale a m'tauni, pa zinthu zing'onozing'ono zimene zimasunga wantchito zaka. Musanamutenge, dziwani kwawo, lankhulani ndi makolo ake, ngati n'kotheka pakhale kalata ya a mfumu. Ngati adagwirapo kwina, imbirani kumene adachokako. Abwere kudakali sabata imodzi kapena awiri mayi asanabwerere kuntchito, kuti mumuonetse zonse ndiponso mwana amuzolowere. Musaganize kuti akudziwa, muonetseni kawiri katatu mosakalipa. Mwezi woyamba ukhale woyeserana, koma wolipidwa. Pochoka m'mawa siyani mayunitsi pafoni, nambala zanu ndi ya mnansi wapafupi, buku la kuchipatala la mwana, ndi kandalama ka kabaza ngati patagwa zadzidzidzi.

Adye zimene mukudya. Zomvetsa chisoni kuti munthu waphika nkhuku, iye n'kudya nsima ndi msuzi kukhitchini, kapena kudikira mkute. Munthu wanjala mwamusiyira phala la mwana lothira mkaka ndi shuga, mukuganiza chidzachitike n'chiyani? Muitaneni ndi dzina lake, osati "iwe mtsikana". Ana anu aphunzitseni kumulemekeza, chifukwa mwana amene amaloledwa kutukwana anti ake mawa adzatukwana inu. Akalakwa mudzudzuleni pambali, osati pamaso pa ana ndi alendo. Akadwala mupite naye kuchipatala. Kanthu kakasowa m'nyumba, yambani mwafufuza bwino, chifukwa kawirikawiri wakuba amakhala mwana wanu yemwe kapena m'bale wanu wongokhala uja. Zinthu zikakwera mtengo, kapena m'nyumba mukabadwa mwana wina, onjezerani malipiro musanapemphedwe.

Ndipo zikakanika, siyanani bwino. Munthu wolandira pamwezi amayenera kuuzidwa mwezi umodzi ntchito isanathe, kapena kupatsidwa ndalama ya mweziwo. Zothamangitsa mwana wa eni usiku, katundu kuponyera panja, mumzinda umene sadziwa aliyense, n'zankhanza. Mupatseni zake zonse, mukwezeni basi kukacha, imbirani makolo ake kuti wanyamuka. Mtsikana amene wamanidwa malipiro ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya leba, ndipo zikakanika kumeneko kuli khoti loona milandu ya zantchito. Koma pachibale kufika kumeneko n'zochititsa manyazi, pamene mukadangokhala pansi. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu mwasiya wanu m'manja mwa mwana wa eni, nawo eni akewo asiya wawo m'manja mwanu. Aliyense asamale chimene wapatsidwa.

Amene mwawerenga mpaka pano, chonde muwawerengereko amayi ndi atsikana amene alibe mafoni, kaya kuchigayo, kaya kumjigo, kaya pa msonkhano wa banki m'khonde. Inu amene mudagwirapo ntchito imeneyi, kapena mwakhala ndi wolera mwana zaka zambiri osakangana, tiuzeni chimene chidakuthandizani, ena atolepo nzeru. Maina a anthu okha musatchule, tisayambitse milandu. Ine ndasiyira pompa, foni yatsala pang'ono kuzima ndipo sola lero sidatchaje bwino chifukwa cha mitambo. Sabata yamawa tidzakambirana za manyowa a khola, poti nthawi yokonza minda yayandikira. Mugone bwino nonse.